Pa 6 Meyi tikumbukire Jack "Africa" Chamangwana

Aphunzitsi a ku Chiputula: Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano. Kuyambira m'mawa mwakhala mukukangana za Arsenal ndi Man U, koma palibe wakumbukira kuti lero ndi pa 6 Meyi. Tsiku ngati lalero mu 2018, Jack Chamangwana, katswiri wakale wa mpira wa Flames ndi Wanderers, anatisiya ku chipatala cha Queens ku Blantyre ali ndi zaka 61. Zakazo anali atangozikwanitsa kumene, poti anabadwa pa 30 Epulo 1957. Mzimu wake upitirize kuusa mumtendere.

Bambo a Wezi: Mwachita bwino kutikumbutsa adada. Auuse mumtendere.

Mnoma wa ku Katoto: Africa, monga tinkamutchulira! Ife a Wanderers, timu ya ku Lali Lubani, sitingamuiwale ameneyo. Wamwalira timu atangoithandiza kutenga ligi ya 2017, titakhala zaka khumi ndi chimodzi tikuyang'anira anzathu akuvina.

Kabaza Luwinga: Pepani akuluakulu, musandinyoze. Ine Jack Chamangwana ndimangomudziwa ngati madala amene ankakhala pa benchi ya Wanderers. Kodi anasewerakodi mpira wakupsa, kapena ndi zija zoti munthu akamwalira aliyense amasanduka katswiri?

Mnoma wa ku Katoto: Iwe mphwanga, uzitsuka mkamwa usanalembe zinthu ngati zimenezi.

Bambo a Wezi: Ayi musamukalipire, wafunsa bwino. Kufunsa n'kudziwa njira. Aphunzitsi, muyankheni mwanayu.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Mwana wanga, khala pansi kabazayo ayambe wapuma. Jack analowa mu timu ya dziko mu 1975 ali ndi zaka 18 zokha. Anasewerera Malawi masewero oposa 130, ndipo amene anamuposa pa chiwerengerochi ndi Young Chimodzi. Anali wotchinga kumbuyo, pakati penipeni, ndipo anavalapo lamba wa ukaputeni. Mu 1978 Malawi inatenga chikho cha East and Central, chomwe lero mumati CECAFA, kwathu konkuno titagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza. Chaka chotsatira tinapita ku Kenya, eni bwalo omwewo n'kuwaswa 3-2, chikho n'kubwera nacho. Mphunzitsi anali mzungu wina wa ku England, Ted Powell. Usaone ngati CECAFA ya nthawi imeneyo inali ya masewera. Zambia inali itangofika mu fainolo ya Africa yonse mu 1974, Uganda inafika mu fainolo ya 1978. Amenewo ndiwo anali anzathu opikisana nawo, ndipo timawakanika. Kumbuyo kwa timu imeneyo kunali Jack.

Maule Mpaka Kale: Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma mwasiya dala mfundo imodzi. Zikho zimenezo anatipatsa ndi Kinnah Phiri wa Bata Bullets. Zigoli 71 mu timu ya dziko, mpaka lero palibe wayandikirako. Mpira umawinidwa ndi zigoli, osati kuima kumbuyo.

Mnoma wa ku Katoto: Ndinadziwa ine kuti muyamba. Ngakhale pa maliro mumabwera ndi ng'oma zanu.

Maule Mpaka Kale: Ine malemu ndikuwalemekeza achimwene, ndangowongola mbiri.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Za Kinnah palibe angatsutse, ndipo tsiku lake lomuyamikira lilipo. Koma wotchinga kumbuyo ali ngati mlonda: usiku ukadutsa bwinobwino palibe amamutchula, dzina lake limamveka tsiku limene akuba alowa. Ndiye munthu wa ntchito yotere akafika poti dziko lonse likumutchula ndi ulemu, anthu a timu yodana nayo omwe, dziwani kuti sanali wamba.

Mayi a Tawonga: Ndilowereko pang'ono abambo inu, ngakhale mumati azimayi za mpira sitidziwa. Ine Jack Chamangwana sindinamuonepo ndi maso anga ali pa bwalo, koma dzina lake ndinakula nalo. Ndinakulira ku Ekwendeni, bambo anga anali ndi kagolosale. Anali ndi wailesi ya Nzeru yomwe mayi anaisokera kansalu kovundikira kuopa fumbi. Likakhala tsiku la Flames, m'mawa mabatire amawachotsa n'kuwayanika padenga la malata kuti atenthedwe ndi dzuwa, ati mphamvu ibwerere. Waya wa eriyo amaumangirira ku mtengo wa bulugamu. Ikamakwana 2 koloko azibambo a m'dera lonselo adzaza pakhonde, ena pa njerwa, ena pa makreti a Fanta. Atsikana sitinkaloledwa kukhala pamenepo, ndiye ine ndinkatenga lichero la nyemba n'kukhala kuseri kwa chitseko ngati ndikusankha. Vuto linali loti mawu ankapita n'kubwera. Woulutsa ali pakati pokuwa kuti adani alowa m'bokosi, wailesi ija ziii. Aliyense kugwira mpweya. Bambo kuimenya kumbali, mnyamata wina kuthamangira kukagwedeza waya. Mawu pobwera timangomva phokoso la anthu, osadziwa ngati tamwa kapena tapulumuka. Ndiye woulutsa akangoti mpira uli kwa Chamangwana, mumamva azibambo onse akupumira limodzi, wina n'kuyamba kupichira fodya.

Bambo a Wezi: Eeeh amama, mwandibwezera kutali. Kwathu ku Rumphi zinali chimodzimodzi, kungoti ife mabatire tinkachita kusonkherana.

Mayi a Tawonga: Agogo anga aamuna Chichewa sankachimva bwino, ndipo nthawi imeneyo Chitumbuka anali atachichotsa pa MBC kuyambira 1968. Iwo amangokhala phee ndi ndodo yawo mpaka mpira kutha, kenaka n'kufunsa kuti "wawina ni njani?" Koma mayina a Chamangwana, Kinnah, Barnet Gondwe ndi Boniface Maganga ankawatchula osaphonya.

Mwana wa Mzuni: Nkhani yokoma mayi, koma ikutsimikiza zomwe amafunsa Kabaza zija. Inu simunamuone, munangomva woulutsa. Woulutsa akhoza kukometsa chilichonse. Ine panopa ndangofufuza pa YouTube. Pelé alipo, Maradona alipo, Roger Milla alipo, ngakhale Kalusha Bwalya akuchinya Italy ku Olympics ya 1988 alipo. Za Jack akusewerera Malawi sindikupezapo chogwirika. Ndiye ine wobadwa zaka za m'ma 2000 ndikhulupirire chiyani?

Kabaza Luwinga: Wandiyankhulira aise.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Funso lako ndi lowawa chifukwa ndi loona. Dziko lathu linakhala lopanda wailesi ya kanema mpaka 1999 pamene TVM inayamba. Anzathu a ku Zambia ndi ku Kenya anali nayo kalekale. Choncho m'badwo wonse umene unatipatsa zikho ziwiri motsatizana unasewera, n'kukalamba, popanda kamera ya kwathu yowajambula sabata ndi sabata. Chotsala ndi zithunzi za mu Daily Times ndi Malawi News, ndi zomwe zili m'mitu mwa ife okalamba. Ndipo ife tikutha.

Koma ine ndinamuona. Ndili ku koleji ya zauphunzitsi ku Blantyre tinkayenda wapansi kupita ku Kamuzu Stadium, n'kukakhala ku Biafra, mbali ya bwalo yopanda denga, padzuwa, chinangwa chootcha m'thumba. Ndikuuze chimene ndinaona. Otchinga kumbuyo ambiri a nthawi imeneyo anali a chimenyamenya, mpira ukabwera kungoutaya kutali, upite kumene ukufuna. Jack ayi. Iye ankaoneka ngati sakuthamanga, koma mpira umakapezeka pamene waima. Wosewera kutsogolo akubwera ndi liwiro, ife ku Biafra tayamba kale kutukwana, iye amangosuntha mapazi awiri atatu, kutseka njira, mpira n'kuutenga osagwetsa munthu. Akautenga amadzutsa mutu kaye, n'kuupereka pansi kwa mnzake wapakati. Ndi pamenepo ndinaphunzira kuti kuukira kumayambira kumbuyo. Ndipo pakamwa sipankatseka, nthawi zonse akulozera anzake poti aime. Zimenezi pa wailesi sizimveka, ndipo ngakhale pa kanema kamera imatsata mpira, siionetsa munthu amene watseka mpata mpirawo usanafike.

Namba 5 Wakale: Apa aphunzitsi mwalasa. Ine ndasewerapo malo amenewo mu ligi ya m'chigawo chino. Kugwa pansi kutchinga ndi mwendo anthu amaombera m'manja, koma kochi wodziwa amakuuza kuti wagwa chifukwa unachedwa kuwerenga. Wodziwa kabudula wake amatuluka woyera.

Maule Mpaka Kale: Chabwino, nanga poti ankawerenga choncho, pa chikho cha Africa (AFCON) ku Ivory Coast mu 1984 anali kuti pamene Algeria imatithira zitatu?

Mnoma wa ku Katoto: Inu muli ndi vuto ndithu.

Bambo a Wezi: Ayi, funso limenelo liyankhidwe, lili ndi phunziro. Ana ambiri pano amaganiza kuti Flames inayamba kupita ku AFCON mu 2010.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Anali pomwepo, ndipo tinamwadi 3-0. Koma taonani gulu limene tinagweramo ku Bouaké. Algeria inali itangogonjetsa West Germany 2-1 ku World Cup ya 1982. Ghana ndiyo inali ikuteteza chikho cha Africa. Nigeria inakafika mpaka mu fainolo ya chaka chomwecho, kumene inagonja kwa Cameroon 3-1. Komanso mpikisano wonse unali wa matimu asanu ndi atatu okha, osati 24 ngati lero. Kungofikako kokha kunali kukwera phiri. Nigeria imeneyo tinafanana nayo mphamvu 2-2, zigoli za Harry Waya ndi Clifton Msiya, ndipo tinatsogola ndife. Ghana inatipambana ndi chigoli chimodzi chokha.

Maule Mpaka Kale: Mwanena nokha kuti tinatsogola. Ziwiri kwa duu, kenaka Clement Temile wa Nigeria kubweza zonse ziwiri tisanapite kokapuma. Kumbuyo kunali ndani? Ine ndikungofunsa.

Namba 5 Wakale: Kumbuyo kumakhala anthu anayi ndi goloboyi, akulu. Ndipo timu ikachinya ziwiri motsatizana pa bwalo lalikulu koyamba m'mbiri yake, mitu imatentha kuyambira kutsogolo. Apakati akasiya kubwerera, ngakhale utakhala ndani umira basi.

Mnoma wa ku Katoto: Komanso Harry Waya amene anachinya tsiku limenelo ndi wanu wa Bullets, bwanji osangonyadira zimenezo n'kutisiya tilire m'bale wathu?

Kabaza Luwinga: Koma ngongole ya Algeria ija tinabweza eti? 3-0 ya ku Angola ndimaikumbukira, ndinali wamng'ono koma tinathamanga usiku kuchoka ku Luwinga mpaka pa Katoto tikuimba.

Bambo a Wezi: Tinabweza ndendende mu 2010. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda. Mphunzitsi ali Kinnah Phiri. Koma sunali usiku wapakati mphwanga, mpirawo unaseweredwa dzuwa likuswa mtengo ku Luanda. Kapena munayamba kuthamanga mutamaliza homuweki.

Kabaza Luwinga: Kuthamangako kunafika usiku bwana, musandilande chimwemwe changa.

Wa ku Joni: Moni kumudzi. Ndangotsika kumene ku ntchito ndapeza mauthenga ambirimbiri. Mwana wa Mzuni, ukufuna umboni? Bwera kuno. Ine kwathu ndi ku Mzimba koma ndili ku Johannesburg. Madala achikulire okonda Kaizer Chiefs ukangowauza kuti ndiwe Mmalawi, mayina amene amayamba kutuluka ndi Jack Chamangwana, Ernest Mtawali ndi Patrick Mabedi. Jack anabwera ku Chiefs mu 1986, kuno ankamutcha Black Stone. Timu imeneyo munali Ace Ntsoelengoe, Marks Maponyane, kenaka Doctor Khumalo akungoyamba kumene. Ndipo Chiefs yomweyo inadzamupatsa udindo wophunzitsa timu kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Tangoganiza, timu yaikulu chotere kupereka makiyi kwa mlendo wochokera ku Blantyre. Anthu a kuno sakonda kugonjera mlendo, ife tikukhala nawo tikudziwa.

Mwana wa Mzuni: Apo ndiye mwandigwira pang'ono. Chiefs singalembe munthu chifukwa cha woulutsa wa MBC.

Anti a ku Taifa: Nanenso ndiikepo yanga. Ine ndimakatenga katundu ku Dar es Salaam. Ku Kariakoo kuja anthu ndi matimu a Simba ndi Yanga basi, mpira uli m'magazi. Jack anakaphunzitsanso Yanga, ndipo ogulitsa nsalu achikulire amamukumbukira. Munthu mmodzi, Wanderers, Chiefs, Yanga. Onsewo ndi matimu oti ukagonja kawiri masapota amakudikirira pa geti.

Mwana wa Mzuni: Koma pali china chikundivuta. 1986 ku South Africa kunali tsankho la apartheid, ndipo FIFA inali itawachotsa. Mayiko a mu Africa ankawasala. Ndiye katswiri wathu kupita kukasewera kumeneko, sikunali kugulitsa abale?

Wa ku Joni: Mphwanga, Chiefs inali timu ya anthu akuda a ku Soweto, osati ya boma la azungu. Amene ankadzaza mabwalo kudzamuonera ndi omwewo ankazunzidwawo.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Funso limeneli tinkakambirana ngakhale nthawi imeneyo, monong'ona, poti zinthu zina sunkayankhula mokweza. Kumbukirani kuti boma la Kamuzu linali pa ubale ndi South Africa kuyambira 1967, ndege zinkapita, azibambo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi TEBA. Ndiye kwa Mmalawi njira ya ku Joni inali yotseguka kale. Mpira wa kuno sunali wolipira, osewera ankadalira ntchito ku kampani imene ikuthandiza timu. Munthu wafika zaka pafupifupi 30, watumikira dziko zaka khumi, mawondo ayamba kulankhula, ana akufuna sukulu. Mukanakhala inu mukanatani? Mtengo wake unali woti ukapita kumeneko za timu ya dziko uiwale, chifukwa South Africa inabwerera mu FIFA mu 1992. N'chifukwa chake pa mendulo ya All-Africa Games ku Nairobi mu 1987 ndi chikho chachitatu cha East and Central mu 1988, Jack panalibe. Ine sindimuweruza, komanso sindinena kuti funso lako ndi lopusa.

Mwana wa Mzuni: Ndamva, ngakhale mtima sunakhazikike kwenikweni. Ena anakana ndalama za kumeneko nthawi imeneyo.

Bambo a Wezi: Usakhazikike, si zonse zimatha ndi yankho limodzi.

Namba 5 Wakale: Ine ndikufuna tikambe zimene zimandiwawa. Chaka chilichonse timachita zomwezi. Katswiri akamwalira, akuluakulu amabwera ndi nkhata za maluwa, masuti akuda, malonjezo pa maikolofoni, makamera ali pomwepo. Ali moyo ambiri a iwo amalipira okha pa geti kuti aonere mpira pa bwalo limene anathyokerapo miyendo. Jack mwina anali ndi mwayi, anagwira ntchito ya mpira mpaka kumapeto, ku bungwe loyendetsa mpira la FAM, ku Flames limodzi ndi Young Chimodzi, ndi ku Wanderers. Nanga anzake amene sanapite kunja? Nanga ife a m'maligi ang'onoang'ono? Ine bondo langa linatha pa bwalo lina louma gwa, mwezi wa Okutobala. Ndinalumpha hedi, potera phazi linalowa m'kadzenje, ndinamva kuti thoo mkati. Anandinyamula anyamata anzanga pa njinga. Akuluakulu a timu, sinditchula dzina, anandipatsa ya minibasi ndi mapanado, n'kunena kuti tikuimbira mawa. Mafoni awo mpaka lero akuitanabe. Jezi anatuma mwana kudzatenga kunyumba ndisanayambe n'kuponda komwe. Panopa ndimawotcherera mageti, kukazizira ngati mmene kwayambiramu bondo limandiuza nyengo wailesi isananene.

Mayi a Tawonga: Pepani achimwene. Zomvetsa chisoni.

Anti a ku Taifa: N'chifukwa chake ine mwana wanga ndinamuuza kuti mpira asewere, koma satifiketi ya Fomu 4 ibwere kaye pakhomo pano.

Maule Mpaka Kale: Apa ndiye ine ndi Mnoma tigwirizana koyamba. Matimu athu onse awiri ali ndi madala amene anawasewerera ulere, lero akuyenda wapansi pa Ginnery Corner galimoto za osewera atsopano zikuwathira fumbi.

Mnoma wa ku Katoto: Lembani tsikuli, Maule wayankhula zanzeru.

Bambo a Wezi: Komanso tisaiwale kuti 2018 yomweyo, patangotsala masabata ochepa kuti Jack atisiye, tinataya Abel Mwakilama, mnyamata wa ku Chitipa United amene anali atangopita kukasewera ku Portugal. Malungo. Wina anapita atamaliza ulendo wake wonse, wina akungoyamba kumene. Kuno kumpoto imfa ya Abel inatipweteka mwapadera chifukwa tinkati uyu ndiye wathu wotitsegulira njira.

Kabaza Luwinga: Ameneyo ndiye ndinamuona ndi maso anga pa Mzuzu Stadium. Liwiro lake linali loopsa.

Mwana wa Mzuni: Ndiye taonani, Abel wamwalira nthawi ya mafoni a kamera, koma nayenso mavidiyo ake ndi owerengeka. Ndiye kuti vuto si TVM yokha. Sitisunga basi.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Wanena zoona, ndipo n'zimene zinandichititsa kulemba m'mawa uja. Kulira tinalira kale mu 2018. Chimene ndikuopa n'choti pakadzatha zaka khumi, munthu adzafunsa ngati mmene wafunsira Kabaza, ndipo sipadzapezeka womuyankha. Ine ndili ndi katoni ya nyuzipepala zakale pamwamba pa wadiropu. Mayi a kunyumba akhala akuiopseza kuti ayatsira mbaula. Muli zithunzi za timu ya 1978 ndi 1979, zina njenjete zadya m'mbali.

Mwana wa Mzuni: Adada musalole! Ndibwera Loweruka ndi foni ndidzajambule tsamba lililonse. Ndingathenso kukujambulani mukufotokoza zija za ku Biafra, mawu anu omwe.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Nkhope yanga isaoneke pa Facebook, ana asukulu anga akale angandiseke mano.

Wa ku Joni: Mawu okha akwana adada. Ine ndithandiza ya bandulo, ndipo kuno ndifunsa madala a Chiefs ngati ali ndi magazini akale. Anthu a kuno amasunga, ena ali ndi mapulogalamu a masewero a zaka za m'ma 1980 m'mapulasitiki.

Mayi a Tawonga: Mukamajambula musaiwale azimayi. Ife tinamvera mpira kuseri kwa zitseko koma tikukumbukira zambiri kuposa ena amene anali pakhonde ataledzera.

Namba 5 Wakale: Ndipo musangojambula za akatswiri a ku Blantyre okha. Kuno kuli madala amene anasewerera Moyale ndi matimu a m'maboma, ena anaitanidwapo ku timu ya dziko. Ali ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa, tikukumana nawo pa msika tsiku ndi tsiku osadziwa.

Maule Mpaka Kale: Zonsezo ndavomera. Koma poti tayamba, tiyeni timalize. Otchinga pakati awiri a Flames a nthawi zonse ndi ndani? Ine ndikuti Patrick Mabedi ndi Peter Mponda. Mabedi anakweza ligi ya South Africa kawiri motsatizana ali kaputeni wa Chiefs, 2004 ndi 2005. Mponda anatitsogolera ku Angola.

Mnoma wa ku Katoto: Onse a Bullets, mwangozi eti? Pa tsiku lokumbukira Jack n'kumusiya pa benchi? Jack ndi Young Chimodzi, nkhani yatha.

Maule Mpaka Kale: Young ankathanso kusewera pakati, musamuwonongere malo.

Kabaza Luwinga: Nanga Limbikani Mzava? Ife a masiku ano tilibe voti? Pa AFCON ya ku Cameroon mu 2022 tinafika mu ndime ya matimu 16, zimene madala anuwo sanachite.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Mu 1984 ndime ya matimu 16 kunalibe mwana wanga, ukangofika unali kale mwa asanu ndi atatu.

Kabaza Luwinga: Eee, koma aphunzitsi simugonja.

Wa ku Joni: Ine Jack ndi Mabedi. Njira imene Mabedi anadutsa ku Chiefs anailambula ndi Jack.

Namba 5 Wakale: Awiri onsewo ndi odekha, mukufunika mmodzi wolusa pambali pake. Timu siyenda ndi aulemu okhaokha. Ine Jack ndi Mponda.

Anti a ku Taifa: Pamene mukukangana, ndadziwitsako kuti majuzi ndi mabulangete a ku Dar afika, kuzizira kwayamba. Ondifuna andipeze ku inbox.

Bambo a Wezi: Anti, malamulo a gulu mukuwadziwa, malonda ndi Lachisanu. Lero ndakukhululukirani chifukwa cha nkhani ya Yanga ija. Mwana wa Mzuni, Loweruka nthawi yanji? Ndikhoza kukutenga pa geti ya yunivesite ndikamachokera ku Ekwendeni.

Mwana wa Mzuni: 9 koloko bwana. Aphunzitsi, katoniyo muitsitse Lachisanu usiku, ndipo muwauze mayi kuti makala a mbaula ndibweretsa ine.

Aphunzitsi a ku Chiputula: Bwerani cha m'ma 10, m'mawa ndili ndi kwaya. Mukafika pa msika wa Chiputula muimbe, msewu wa kwathu mvula inaudula, galimoto muisiya kumtunda.

Maule Mpaka Kale: Nanenso ndibwera, pakufunika munthu woonetsetsa kuti zithunzi za Kinnah zisadumphidwe.